Wosunga chuma cha masiye akadya, abweza ndani?

Munthu akamwalira, maliro amatha m'masiku ochepa. Koma nkhani ya katundu wake imatenga miyezi, mwinanso zaka. Nthawi yonseyi pamafunika munthu wogwira makiyi a nyumba, mapepala a ku banki, ng'ombe, chigayo kapena njinga yamoto. Munthu ameneyu si mwini wake wa katunduyo. Akungosungira ena: mayi kapena bambo wamasiye, ana, ndiponso anthu amene malemu anasiya asanawabwezere ngongole.

Inu mukudziwa zimene zimachitika m'midzi ndi m'matauni mwathu. Wosunga uja amagulitsa ng'ombe imodzi, akuti n'zolipirira maliro. Mawa agulitsa ina. Pofika tsiku logawa, khola lili pululu, ndipo ana asiya sukulu. Ndiye funso lathu lero ndi ili: wosunga chuma cha masiye akadya kapena akawononga, abweza ndani?

Mayiko ena anapeza yankho. Amati munthu asanakhudze chuma cha masiye, ayambe waika chikole. Tiona mmene chikolechi chimagwirira ntchito, amene chimamuteteza, pamene chimalephera, ndi zimene lamulo la Moçambique limachita m'malo mwake.

Chikole chimenechi n'chotani?

Mawu akuti chikole si achilendo kwa inu. Wobwereka ndalama amasiya wailesi kapena njinga, kuti akalephera kubweza, wobwereketsa asaluze. M'Chipwitikizi chikole chotere cha pa malamulo amati caução. Mawuwa mumawamvanso pochita lendi nyumba, kapena munthu akamatuluka m'chitokosi podikira mlandu wake.

Chikole cha pa chuma cha masiye chimasiyana pang'ono. Nthawi zambiri sipasiyidwa njinga kapena wailesi. Pamalembedwa kalata ya lonjezo, ndipo pamakhala mbali zitatu. Mbali yoyamba ndi wosunga chuma, amene akulonjeza kugwira ntchito yake moona. Yachiwiri ndi ofesi ya boma kapena khoti, imene ikulandira lonjezolo m'malo mwa ana ndi ena onse oyenera kulandira. Yachitatu ndi womuimira, amene akuti: "Uyu akawononga, ndilipira ine." Womuimirayu kawirikawiri amakhala kampani ya inshuwalansi, imene m'Chipwitikizi amati seguradora.

Taganizirani za nkhoswe ya ukwati. Mnyamata sangangotenga mwana wa eni popanda munthu womuimira. Zinthu zikavuta m'banja, anthu amathamangira kwa ankhoswe, chifukwa ndiwo anavomera kuyankha. Kampani yopereka chikole ili ngati nkhoswe, koma nkhoswe yoyankha ndi ndalama.

Pali mfundo imodzi imene ambiri amaiphonya. Chikolechi sichiteteza wosunga chuma ayi. Chimateteza olandira. Kampani ikalipira ana amasiye ndalama zimene zasowa, imatembenukira kwa wosunga uja n'kumuuza kuti abweze zonse. Choncho wosunga amadziwa kuti akadya, ngongole ili pakhosi pake.

Lamulo la ku Joni limatikhudza

Mwina mukufunsa kuti lamulo la dziko lina likukukhudzani bwanji. Ganizani za abale athu ambiri amene ali ku South Africa, komwe timangoti ku Joni. Ena ali m'migodi, ena m'mafamu, ena pa zomangamanga ndi pa malonda. Ena mwa iwo amamwalirira komweko, n'kusiya ndalama ku banki, galimoto kapena nyumba. Katundu amene ali m'dziko limenelo amayendetsedwa ndi ofesi za kumeneko, ngakhale mkazi ndi ana ali ku Tete, ku Angónia kapena ku Niassa.

Lamulo lake ndi Administration of Estates Act, nambala 66 la chaka cha 1965. Mkulu woyang'anira chuma cha masiye amatchedwa Master of the High Court. Anthu amangoti Master. Lamulo limati imfa ya munthu wosiya katundu ikanenedwe ku ofesi yake pasanathe masiku 14.

Zikatero pali njira ziwiri. Ngati chuma chonse sichiposa marandi 250 000, Master akhoza kupereka kalata ya chilolezo kwa wachibale mmodzi kuti alipire ngongole ndi kugawa zotsala. Iyi ndi njira yachidule, ndipo kawirikawiri safunsa chikole. Koma chuma chikaposa marandi 250 000, pamasankhidwa woyendetsa chuma, amene kumeneko amati executor. Apa m'pamene chikole chimalowa.

Gawo 23 la lamuloli limati woyendetsa chuma aike chikole asanalandire kalata yomupatsa mphamvu. Kukula kwa chikolecho amanena ndi Master, poona mtengo wa katundu yense. Komabe pali anthu amene lamulo limawakhululukira. Amenewa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, mwana wake, ndi kholo lake. Winanso ndi munthu amene malemu anamusankha m'kalata yake yogawa chuma, n'kulembamo kuti asamufunse chikole.

Taonani amene palibe pa mndandandawu. Mchimwene wa malemu palibe. Mlongo wake palibe. Malume palibe. Pa mwambo wathu, makamaka m'mabanja otsata mbumba, anthu amenewa ndi amene amakhala patsogolo pa nkhani za maliro ndi katundu. Koma ku Joni, malume akafuna kuyendetsa chuma chachikulu cha mphwawo, ayenera kupeza kaye womuimira.

Palinso mfundo ina yokhudza ife a kunja. Ngakhale munthu ali m'gulu la okhululukidwa, Master ali ndi mphamvu yomufunsabe chikole akaona chifukwa chomveka. Chimodzi mwa zifukwa zimene lamulo limatchula ndi kukhala kunja kwa South Africa. Choncho mayi wamasiye wokhala ku Ulónguè asadabwe akauzidwa kuti apeze chikole. Si chipongwe. Boma la kumeneko likuopa kuti ndalama zikaoloka malire, silingathe kuzitsatira.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Bambo wina wamwalira ku Johannesburg. Wasiya kanyumba ndi ndalama ku banki, zonse pamodzi marandi 600 000. Sanalembe kalata yogawa chuma. Banja lagwirizana kuti mng'ono wake, amene ali konko, ndiye ayendetse zonse.

Popeza chumachi chaposa marandi 250 000, ndipo mng'onoyo sali m'gulu la okhululukidwa, Master afuna chikole. Kampani sipereka ulere. Mtengo wodziwika ndi pafupifupi theka la randi pa marandi 100 alionse, chaka chilichonse. Pa marandi 600 000, ndiye kuti marandi 3 000 pa chaka, msonkho usanaikidwepo. Lamulo limalola kuti ndalama imeneyi ichokere m'chuma cha malemu. Tanthauzo lake n'lakuti olipira enieni ndi ana amasiye omwewo. Nkhani ikachedwa zaka zitatu, ndalamayo ilipidwa katatu.

Woyendetsa chuma nayenso ali ndi malipiro ake ovomerezeka, amene ndi marandi 3,5 pa marandi 100 alionse. Pa chitsanzo chathu ndi marandi 21 000.

Ntchito yake ndi yotani? Ayenera kulengeza kuti onse amene malemu anali nawo ngongole abwere, ndipo awapatse masiku osachepera 30. Pasanathe miyezi 6 apereke kwa Master pepala loonetsa katundu yense, ngongole zonse, ndi gawo la munthu aliyense. Pepalali limaikidwa poyera masiku osachepera 21, kuti amene ali ndi dandaulo alankhule. Gawo la ana aang'ono likakhala ndalama, kawirikawiri limapita ku thumba la boma lotchedwa Guardian's Fund, limene limasunga mpaka anawo atakula.

Tsopano mng'ono uja akagulitsa nyumba n'kudya ndalama, Master ali ndi mphamvu yoitanitsa zotayikazo kwa iye kapena kwa kampani imene inamuimira. Apa marandi 3 000 aja apulumutsa marandi 600 000.

Ubwino ulipo, koma mipata iliponso

Ubwino wa chikole ndi woonekeratu. Kumanga wakuba sikubweza ng'ombe. Ana amasiye sadya chilango cha malume awo. Chikole chimaika ndalama zenizeni pamalo, zoti zibwere m'manja mwa olakwiridwa. Chimathandizanso zinthu zisanaonongeke, chifukwa kampani imayamba yafufuza munthu isanavomere kumuimira. Munthu wa ngongole zambiri kapena wa mbiri yoipa amakanidwa.

Koma kufufuza komweko kumapweteka osauka. Munthu wopanda ntchito yolembedwa, wopanda nyumba ya m'dzina lake, wopanda mapepala okwanira, kampani imamukayikira ngakhale ali wokhulupirika. Ambiri amakakamizika kulemba loya kuti ndiye ayendetse nkhaniyo, ndipo loya amafuna zake. Mpanda umene unamangidwa kuti utchinge mbala umatha kutchinganso mwini munda.

Mpata wachiwiri ndi wakuti chikole chimateteza katundu yekhayo amene walembedwa. Ngati wina wabisa galimoto kapena watapa ndalama ku banki ndi khadi la malemu imfa isananenedwe, chikole sichiona zimenezo. Sichikhudzanso katundu amene ali kuno kumudzi.

Mpata wachitatu ndi wakuti ndalama zina sizidutsa kwa woyendetsa chuma n'komwe. Ku South Africa ndalama za penshoni za munthu womwalira sizilowa m'chuma cha masiye. Akuluakulu a thumba la penshoni ndiwo amafufuza anthu amene malemu ankawasamala, n'kuwagawira. Choncho banja liyenera kukaonekera lokha ku thumbalo.

Mpata wachinayi ndi ofesi yeniyeniyo. Chikole chimagwira ntchito ngati woyang'anira ali maso. Mu Febuluwale 2020, ofesi za Master m'dziko lonse la South Africa zinatsekedwa kwa kanthawi, kuti bungwe la boma lofufuza za katangale lotchedwa SIU litenge mapepala. Panali madandaulo a chinyengo ndi kusayendetsa bwino ntchito. Mlonda naye amafunika womuyang'ana.

N'chifukwa chake mayiko sagwirizana chimodzi pa nkhaniyi. Ku England, lamulo la 1971 linathetsa chikole chimene kale ankafunsa aliyense woyendetsa chuma cha munthu wosasiya kalata. Ku Scotland chikolecho chilipobe, koma lamulo la 2016 linatsegula njira yoti chuma chochepa chisamafunsidwe chikole. Onsewa akulimbana ndi funso limodzi: titeteza bwanji amasiye popanda kuwasenzetsa mtolo wina?

Nanga kuno ku Moçambique?

Lamulo lathu lili ndi njira yake. Wosunga chuma cha masiye mpaka tsiku logawa amatchedwa cabeça-de-casal. Woyamba kuganiziridwa pa udindowu ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu. Munthu amene malemu anamusankha m'kalata yawo kuti akwaniritse zofuna zawo amatchedwa testamenteiro.

Kuno cabeça-de-casal sayamba waika chikole kuti alandire udindo. Lamulo lathu limachidziwa chikole pa nkhani zina. Mwachitsanzo, munthu akasowa osadziwika kumene ali, khoti likasankha womusungira katundu, katunduyo amayamba walembedwa ndipo khoti limaika caução. Koma pa chuma cha masiye, chitetezo chagona pa zinthu zina zinayi.

Choyamba ndi kulemba katundu yense. Nkhani ikapita kukhoti imatchedwa inventário, ndipo cabeça-de-casal amalumbira n'kupereka mndandanda wa katundu ndi mayina a olandira. Pakakhala ana aang'ono pakati pa olandira, inventário ndi yokakamiza, ndipo a Procuradoria ali ndi udindo woimira anawo.

Chachiwiri ndi kufotokoza mmene chuma chayendera. Olandira ali ndi ufulu wofunsa zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Chachitatu ndi kuchotsedwa pa udindo. Wosunga akabisa katundu dala kapena akamasakaza, khoti likhoza kumuchotsa. Chachinayi ndi chilango cha wobisa. Wolandira amene wabisa katundu mwadala amataya gawo lake pa katundu wobisidwayo. Mlandu umenewu m'Chipwitikizi amati sonegação de bens.

Kuwonjezera apo, malamulo asintha mokomera amasiye. Pa lamulo lakale la 1966, mkazi kapena mwamuna wamasiye ankabwera pa nambala 4, pambuyo pa ana, makolo ndi abale a malemu. Lei das Sucessões, lamulo nambala 23/2019 la pa 23 Disembala, linamukweza kukhala m'gulu loyamba pamodzi ndi ana. Likuwerengeranso amene ankakhala limodzi ngati banja popanda kulembetsa, chimene chimatchedwa união de facto. Lamulo la banja la 2019 limati kukhala kotereku kupitirire zaka 3.

Kumbukiraninso kuti m'mabanja ambiri, theka la katundu amene awiriwo anapeza ali limodzi ndi la wotsalayo kale. Theka limeneli si chuma cha masiye ayi. Chogawidwa ndi theka la malemu lokha. Pa nkhani ya minda, lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma ufulu wogwiritsa ntchito malo, DUAT, umapita kwa olandira mosasiyanitsa mwamuna ndi mkazi.

Malamulowa ndi abwino, koma onani pamene pali kusiyana. Ku Joni, wosunga akadya pali kampani yolipira. Kuno, wosunga akadya n'kukhala wopanda kanthu, khoti likhoza kumupeza wolakwa koma ana osalandira kalikonse. Ndiye kuti chitetezo chathu chimagwira ntchito ngati mwafulumira, katundu asanathe. Pamene palibe kampani yokuimirani, chikole chanu ndi pepala lolembedwa, mboni, ndi maso anu.

Zimene mungachite

Mukadali moyo, lembetsani ukwati wanu ku Registo Civil, ngakhale unali wa kutchalitchi, wa kumzikiti kapena wa pa mwambo. Lembetsaninso ana onse. Ku Joni kapena kuno, ofesi iliyonse idzafuna umboni wakuti mayiyu ndi mkazi wa malemu, ndipo awa ndi ana ake.

Lembani kalata yogawa chuma, imene m'Chipwitikizi amati testamento. A ku Cartório Notarial angakuuzeni kalembedwe kovomerezeka. Kulemba kalata sikuitana imfa. Ngati muli ndi katundu ku South Africa, tchulani m'kalatamo munthu amene mukufuna kuti adzayendetse chumacho, ndipo nenani ngati mukufuna kuti adzamufunse chikole kapena ayi. Osathamangira kumukhululukira pofuna kupulumutsa ndalama. Ngati ana ali aang'ono ndipo wosankhidwayo simukumudziwa bwino mtima, chikole n'chotchipa kuposa kutaya nyumba.

Imfa ikachitika, lembani katundu yense msanga, anthu asanabalalike pa maliro. Werengani ng'ombe, mbuzi, matumba a chimanga ndi malata. Pakhale a kuchimuna, a kuchikazi, ndi anyakwawa kapena mlembi wa dera lanu. Onse asaine kapena adinde chala, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake. Apa m'pamene kuwerenga ndi kulemba kumene mukuphunzira kumasanduka chishango cha ana anu.

Tengani kalata ya imfa, certidão de óbito. Ku banki adzakufunsaninso kalata yotsimikiza olandira, imene imatchedwa habilitação de herdeiros. Musapereke khadi la banki la malemu kwa wina aliyense. Musasaine pepala limene simunalimve. Pemphani kuti akuwerengereni m'chinenero chanu. Paja safunsa anadya phula.

Wosunga akagulitsa kanthu, funsani lisiti ndi chifukwa chake. Kufunsa si mwano, ndipo wosunga wokhulupirika sakwiya nako. Ngati ndinu amene mwapatsidwa udindowu, lembani chilichonse m'kope. Kopelo lidzakutetezani tsiku limene ena adzakunamizireni.

Zinthu zikayamba kupotoka, musadikire kuti khola lithe. Pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya. Ngati pali ana aang'ono, pitani ku Procuradoria ya m'boma lanu. Ngati imfa yachitikira ku South Africa, ofesi za kazembe wathu ku Pretoria ndi ku Johannesburg zingakulozereni njira. Mapepala a Chipwitikizi adzafunika kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka.

Funso loti tikambirane monga nzika

Kodi Moçambique ayambe kufunsa chikole kwa osunga chuma cha masiye? Kufunsa aliyense kungakhale kulakwa. M'midzi yambiri mulibe kampani ya inshuwalansi, ndipo chuma chambiri ndi mbuzi, munda ndi nyumba ya malata. Lamulo lotero lingangothamangitsa anthu kukhoti. Koma pali malo amene chikole chingathandize: pamene chuma n'chachikulu, olandira ndi ana aang'ono, ndipo wosunga si kholo lawo. Pamenepo woluza ndi mwana amene sangathe kudziyankhulira.

Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuikamba m'kalasi mwanu, pa msonkhano wa m'mudzi, ndi kwa aphungu a Assembleia da República akabwera kudzamva maganizo a anthu. Podikira zimenezo, yambani ndi funso limene lili m'manja mwanu. Pa banja lanu, wina akamwalira mawa, ndani adzagwire makiyi, ndipo ndani adzalembe zimene zili m'nyumbamo?

Mawu oti muwakumbukire

Caução: chikole.
Herança: chuma cha masiye.
Herdeiro: wolandira chuma cha masiye.
Testamento: kalata yogawa chuma.
Cabeça-de-casal: wosunga chuma cha masiye mpaka tsiku logawa.
Inventário: kulemba ndi kugawa katundu kudzera kukhoti.
Partilha: kugawana.